Makadi a Fomu 2A

Lolemba, 5 Meyi

Kafukufuku wayamba. Popanda iyeyu digiri yachiwiri palibe, ngakhale maphunziro ena onse ndakhoza. Zaka ziwiri, Loweruka lililonse pabenchi ya ku koleji, msana kuwawa. Ntchembere ya ana atatu kulembanso manotsi ngati kamtsikana.

Dongosolo lake: makalasi awiri, masamu amodzimodzi, mphunzitsi yemweyo, ine. Ena ndiziwaphunzitsa ndi makadi, anayianayi, azifotokozerana okhaokha. Ena mwakale: choko, bolodi, kopani. Pomaliza mayeso amodzi, tione kusiyana.

A Dokotala ondiyang'anira, a mabuku osati a jakisoni, anati kusankha kukhale kwa mayere. Timapepala tiwiri m'kapu ya tiyi, m'chipinda cha aphunzitsi. Anatola ndi aphunzitsi a jogalafe, atatsinzina. Makadi agwera 2A.

Katsabola ali mu 2B. Mwana wa mng'ono wanga.

Sindinatole ndine. Ndalemba dala kuti ndizikumbukira.

Lachinayi, 8 Meyi

2A phokoso ngati pamsika. Ahedi anasuzumira pazenera nkhope itakwinyika, kenako anamva kuti ana akukanganirana masamu, osati mpira. Anandikodola. "Madamu, mukangomaliza, mpando wa wachiwiri wanga ulibe munthu." Mtima unadumpha, ndisaname.

2B zii. Ine kubolodi, iwo kukopa. Katsabola kumbuyo, kutafuna cholembera. Dzinali tinamupatsa ali wamng'ono chifukwa cha pakamwa, ankayankha ngakhale alendo. Koma ikafika nthawi ya masamu pakamwapo pamatsekeka. Chaka chino n'chobwereza. Bambo ake ananeneratu: akalepheranso, sukulu yatha, akakhale m'shopu azigulitsa misomali. Mlamu wangayo sanena kawiri.

Choko chatha. Ndagula changa.

Loweruka, 10 Meyi

Ku koleji. Ndinafunsa mwaulemu ngati a 2B angalaweko pang'ono. A Dokotala anavula magalasi. "Mayi, mukatero mwasakaniza mchere ndi shuga. Gulu loyerekezera musalikhudze. Mukamaliza mudzawapatsa onse."

Mukamaliza. Kafukufukuyu adzatha kutatsala sabata imodzi kuti mayeso a chaka ayambe. Sabata imodzi ingakonze chiyani?

Mnzanga wa pabenchi, hedi wa pulayimale uja amawodzera masana aliwonse, anandinong'oneza: "Ingowapatsani mwakabisira, a Dokotala adzaona ndi maso ati?" Iye zake n'zopepuka. Ine kunamiza a Dokotala sindingathe. Kumana ana ndiye ndikutha, taonani.

Lachitatu, 21 Meyi

Masiku onsewa osalemba. Zochita. Ayi, bodza. Manyazi.

Lero pa nthawi yopuma ndinabwerera mu 2B kukatenga dasitala. Pakona atsikana anayi atazungulira desiki, pakati makadi anga achikasu. Katsabola wabwereka kwa mnzake wa mu 2A. Ndipo wofotokoza anali iyeyo. Iyeyo! Chala pakhadi, mawu thwanithwani ngati ali kunyumba. Ndinaima pakhomo n'kumva yankho lonse. Lolondola, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ndinalanda. Pamaso pa anzake. Mawu anga enieni: "Izi si zanu."

Anangoti, "Pepani madamu." Kusukulu amanditchula choncho nthawi zonse, ndinamulamula ndine. Komabe lero zinandilasa.

Makadiwo ali m'chikwama. Chakudya chamadzulo sichinalowe. Bambo a ana akuti mwina ndi malungo, ndikayezetse. Ndavomera kuti nkhani ithe.

Lamlungu, 25 Meyi

Mng'ono wanga anabwera kudzandiluka tsitsi. Ine pansi, iye pampando, mutu wanga pakati pa mawondo ake ngati kale. Lero amakoka kwambiri, kapena ndi maganizo anga.

"Achemwali, mwana wanu uja sindikumumvetsa. Sabata yatha anabwera akuvina, akuti masamu ayamba kumveka. Pano wangoti duu. Koma poti inu muli pomwepo, ine ndimagona tulo."

Ndinati tikuyesetsa. Tikuyesetsa! Mwayi wake nkhope sankaiona.

Pochoka akuti tsiku lolandira digiri adzandiluka zapansipansi, kuti chisoti chija chidzakhale bwino. Diresi lake lodzavala wasoketsa kale.

Lachisanu, 30 Meyi

Kayeso kapakati ndachonga. 2A ambiri akhoza, ngakhale aja ndinawataya kalekale. Njirayi ikugwira, palibenso kukayika. Ndimayenera kusangalala.

2B monga mwa masiku onse. Katsabola 31 pa 100. Funso lachinayi, lomwe lija ankafotokozera anzake pakona, wakhoza lonse, mwaukhondo. Zotsalazo, za mitu imene ndaphunzitsa nditalanda makadi, kungofufuta ndi kuboola pepala.

Ndinabwereza kuwonkhetsa, mwina ndalakwitsa. Sindinalakwitse. Cholembera chofiira changa, dzanja langa.

Pomupatsa pepala sanandiyang'ane. Inenso sindinamuyang'ane.

Loweruka, 7 Juni

A Dokotala anaonetsa zotsatira zanga pakhoma, kalasi yonse ione. Mizati iwiri yojambula, wautali wa 2A ndi waufupi wa 2B. "Taonani kukongola kwake! Kusiyana kochita kuonekeratu." Anthu kuwomba m'manja, mpaka mnzanga wowodzera uja anadzidzimuka n'kuwomba nawo. A Dokotala akuti ndikazifotokoze kumsonkhano wa aphunzitsi.

Ine maso pa kamzati kakafupiko. Muli ana m'menemo. Muli Katsabola. Kamzatiko kakamafupika, digiri yanga ikukongola. Ndinamwetulira, ndinathokoza, ndinapinda mawondo.

M'basi ndinalira. Mayi wina anandipatsa mpango, akuti pepani, ndi ndani watisiya?

Basi, ndatopa nazo. Lolemba ndiwapatsa makadi. Digiri ikachedwa chaka, ichedwe. Mpando atenge wina. Bambo a ana sindinawauze, angayambe zowerengera zimene tawononga.

Lolemba, 9 Juni

Ndinalowa mu 2B nditanyamula bokosi lonse la makadi. Ndinaliika patebulo. Ndinati kokani madesiki, anayianayi.

Palibe anasuntha. Kungoyang'anana. Kani akudziwa zonse. A mu 2A anawauza kalekale, mpaka pabwalo amawaseka kuti "oyerekezera". Ine ndekha ndimayesa n'chinsinsi.

Katsabola anaimirira. Pakamwa paja lero patseguka, nthawi ya masamu.

"Amayi aakulu, musatipatse. Tinakambirana tonse. Mwavutikira zaka ziwiri, pano mwatsala pang'ono. Ife tipirira."

Amayi aakulu. Pamaso pa onse. Ena kugwedeza mitu kuvomereza, ngati akundipatsa mphatso.

Ndikanati khala pansi iwe, mphunzitsi pano ndine. Ndikanatsegula bokosi. Ndikanamukumbutsa za shopu ndi misomali. Mawu anali pakamwa penipeni.

Koma chimene ndinamva m'chifuwa, Mulungu andikhululukire, ndi kupepukidwa.

Ndinatenga choko. Anakopa bwinobwino, mwakachetechete, tsamba lonse. Belu litalira Katsabola ndiye anafufuta bolodi.

Bokosi ndabwerera nalo. Lili pansi pa tebulo pano, phazi langa likungoligunda.