Dzina la a Nachisale pa Intaneti

Lamulungu, 2 Juni 2024

Masabata anayi chimwalirireni mkazi wanga, Nachisale. Tsiku lathu lomaliza labwinobwino linali Lachiwiri. Iwo pa makina pakhonde, ine ndikupala thabwa pambali. Fumbi langa pa diresi la mkwatibwi, anandikalipira. Masana chipisi pachiwaya pa Nsungwi, anadya ndi changa chomwe. Pobwerera anati, "Bambo a Tione, makasitomala a ku Area 47 akufunsa webusayiti. Ndikufuna dzina langa pa intaneti." Ndinaseka. Ndinati dzina lili kale pachipupa, penti ndinagula ndine. Lachitatu mutu. Loweruka basi.

Zawo zonse zili m'bokosi lamatabwa, kiyi ali ndi mng'ono wawo, mlamu Zipora. Osakhudza mpaka abale adzagawe. Mlamu atsalira pano. Akuti kundiphikira. Ine ndikuona kulondera.

Lachiwiri, 4 Juni

Kwa Latif, wa shopu ya makompyuta, kukajambulitsa mapepala a maliro. Wandinong'oneza. Felesita, amene ankasoka ndi mayi, anabwera kudzafunsa za dzina loti Nachisale. Akufuna alilembetse likhale lake. Abweranso Lachisanu akapereka madiresi a ukwati wina. Latif akuti, "Madala, pa intaneti palibe za ulemu. Wofika koyamba ndiye mwini."

Felesita ndi Nabanda. Unachisale wautenga kuti?

Lachitatu, 5 Juni

Ndinavala jekete. Latif analemba nachisale.com. Latengedwa kale, wina wogulitsa tsitsi kunja. Ndinafunsa ngati tingamupeze tikambirane mwachikulu. Anaseka mpaka kukhosomola. Tinayesa nachisaletailoring, lalitali ngati ulaliki wa pa Khirisimasi. Kenako nachisale.mw. Lilipo. Ndinawomba m'manja, munthu wa zaka 58.

Akuti sukugula, ukubwereka, kulipira chaka ndi chaka. Chabwino.

Fomu ikufuna nambala ya foni. Ndinatchula osaganiza. Latif anadina, nkuti kampani yatumiza manambala achinsinsi, ndiwerenge. Foni yanga zii. Ndinali nditatchula ya mayi. Ndiyo yokha ndimaidziwa pamtima, yangayi ankandisungira ndi iwo.

Latif anati tiyambirenso ndi yanga. Ndinakana. Dzina lawo, nambala yawo. Iye akuti, "Ndiye foniyo ibwere kuno." Foniyo ili m'bokosi.

Madzulo ndinayesa mlamu mozungulira. Yankho: "Alamu, ngakhale singano."

Lachinayi, 6 Juni

Mlamu ku mvano 1 koloko, kiyi pamkanda m'khosi. Ayiwala chimodzi. Bokosilo ndinakhoma ndine, chaka cha ukwati wathu. Loko ali kutsogolo, mahinjesi kumbuyo. Masikuluwu asanu ndi imodzi. Loko sindinamukhudze, Mulungu ndi mboni.

Chivundikiro chitatseguka, fungo la mafuta awo odzola. Ndinakhala pansi kaye. Nthawi sindinayiwerenge.

Foni inali mu nsapato ya ku tchalitchi. Tinaitchaja kwa Latif. Anapempha manambala ena, inalira kanyimbo kake komwe kaja. Ndinawerenga mokweza. Ndinalipira. Pepala latuluka: nachisale.mw, mwini Anock Mbewe.

Foni ndabweza mu nsapato. Sikuluwu imodzi inagubuduka, yasowa. Ndaikapo yatsopano, yonyezimira. Ndaipaka polishi wa nsapato.

Mlamu atabwera anafunsa ndaswera bwanji. Ndinati kungokhala.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinakakhala pa benchi ya ometa, moyang'anana ndi Latif, tsitsi ndilibe. Felesita analowa monyada, kachikwama kukhwapa. Mphindi zisanu, watuluka. Atandiona anagwada pang'ono. "Bambo, pali mfiti ina yandilanda dzina la amayi." Ndinati dziko laipa, mwanawe.

Wometa anaona ndikugwedezeka mapewa, anayesa ndikulira. Anandipatsa madzi. Koyamba kuseka chichokereni mayi.

Koma Felesita anawonjeza mawu ena. Akuti ankaopa kuti wachilendo alitenga, makasitomala a amayi asochera. Zandikhala pamtima.

Lachitatu, 12 Juni

Dzina ndili nalo. Kusoka sinditha. Latif akuti pakali pano ukalemba nachisale.mw pamangotuluka tsamba loyera. Nyumba yopanda mipando.

Tione waimba kuchokera ku Mzuzu. Akuti, "Adadi, mwagula chikwangwani chopanda shopu." Kulankhula ngati mayi ake.

Loweruka, 22 Juni

Abale afika kuchokera ku Dowa. Mlamu anatsegula loko pamaso pa onse, mwamwambo. Kenako anazungulira bokosi, nkuima kumbuyo, chala pa sikuluwu ija. Polishi anamatirira kuchala. Anandiyang'ana. Ndinayang'ana kudenga. Anapukuta chala pa chitenje.

Zitenje kwa azakhali. Madiresi ndi nsapato kwa mlamu. Yunifolomu ya mvano kwa Tione. Makina akuti nditsale nawo, ndinagula ndine.

Anthu atapita ndinakweza makinawo pa wilibala mpaka kwa Felesita. Ndinamuonetsa pepala la kwa Latif. Anawerenga kawiri. "Mfiti ija ndinu, Bambo?" Ndinavomera. Ndinati asoke, ajambule madiresi, Latif awaike pa tsambalo. Dzina likhala kwa ine. Akasoka mokhotakhota ndimuchotsa ngati wa lendi.

Foni sinalowe m'magawo. Mlamu anaisiya patebulo, tchaja pambali pake. Yalira kawiri kuyambira masana. Mayi wina wa ku 47, akufuna a Nachisale. Koyamba ndinadula. Kachiwiri ndinati abwere Lolemba ndi nsalu yawo, ndiwaperekeza kwa Felesita.