Chaka cha M'sitolo Muno

Lolemba, 3 Juni

Ndatsegula sitolo. Koyamba chimwalirireni bambo akunyumba. Masabata asanu. Kulemba kuti malemu dzanja likukana.

Fumbi pakauntala. Kapu yawo ili pomwe anaisiya, tiyi anaumira pansi. Sindinaitsuke. Ndinangoiyang'ana, osamva kanthu.

Kompyuta yakana kuyaka. Yalira kawiri, kenaka fungo la waya wopsa. Chimkompyuta chachikasu chija, chachikulu msinkhu kuposa mwana wathu.

Vuto ndi ili. Mashelefu naini, makatoni oposa 2,000, zipangizo za galimoto zokhazokha: malamba, mabering'i, mabawuti, timasipuling'i. Palibe katoni yolembedwa dzina. Manambala okha. Nzeru za bambo zimenezo, ati wakuba akalowa asadziwe chonyamula. Odziwa kuti mu 1146 muli chiyani anali awiri, kompyuta ndi iwowo. Onse awiri zii.

Kwabwera amakaniko atatu. Wina ndamufunira lamba ola lathunthu, wachoka osatsanzika. Sindinagulitse olo bawuti imodzi.

Lachitatu, 5 Juni

Alamu aakulu abwera. Anakhala pampando wa bambo osafunsa. Ati banja lakambirana. Banja lake liti kaya, ine sindinaitanidwe.

"Mlamu, sitoloyi inali m'mutu mwa mng'ono wanga, ndipo mutuwo tinakwirira." Choncho, akusewera ndi makiyi a galimoto.

Andipatsa mpaka Loweruka pa 15. Ndikalephera kuyendetsa, makiyi a sitolo apite kwa iwo, katundu yense amugulitse chipiku kwa mnzawo wagalaja. Ndinayankha kuti chabwino. Mawu anangotuluka okha.

Zaka 20 ndili kumbuyoko. Bambo kufuula nambala, ine pamakwerero kutsitsa katoni. Kiyibodi sindinaikhudzepo. Ankati zala zanga ndi za girizi, ngati zawo zinali za abusa.

Lachinayi, 6 Juni

Mwana wanga watumiza pabasi laputopu yake yakale, ndi nambala ya wokonza makompyuta. Iyeyo sangabwere, kuchipatala kumene amagwira ntchito masiku ake atchuthi anathera pamaliro.

Wokonzayo wabwera, ndikumutcha Magalasi. Munthu waimvi, wosachuluka mawu, magalasi ena pamphuno ena pamutu. Watsegula chimkompyuta ndi sikuludiraiva yathu yomwe, watulutsamo kabokosi kachitsulo. Ati diski. Ati zonse zili mmenemo, ngati nayo sinapse. Waiponya m'thumba la jekete ngati sopo. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota.

Mwana wafunsa pafoni ngati ndikugona. Ndikugona bwinobwino. Ndikudyanso. Akazi awo a alamu akuuza anthu kuti sindinalire kumanda. Sakunama.

Loweruka, 8 Juni

Diski ili moyo.

Koma pulogalamu ya bambo singayende palaputopu. Yakalamba, makina atsopano saimva. Ndiye Magalasi waikamo ina, ati emyuleta. Wandifotokozera kawiri. Mmene ndamvera ine: ndi kachipinda konamizira mkati mwa laputopu, pulogalamu ikalowamo imayesa ili m'chimkompyuta chake chakale. "Timangoinamiza, mayi. Ikadziwa kumene ili, singagwire ntchito."

Anadina. Kawindo kakuda. Kenaka buluu uja, zilembo zoyera, mizere iwiriiwiri m'mbali. Dzina la sitolo pamwamba, ndi chilembo chimodzi chimene bambo analakwitsa kalekale osakonza. Ndinadikira kuti misozi ibwere. Ayi ndithu. Ndinamufunsa Magalasi ngati amathira shuga.

Kenaka kabokosi kofiira pakati. Tsiku ndi lolakwika. Basi, siikupitirira.

Lachiwiri, 11 Juni

Kabokosi kofiira komwe kaja. Magalasi wayesa kusinthanitsa mwezi ndi tsiku. Wayesa tsiku lomaliza limene bambo anagwira ntchito. Yakana. Akuti mwina china chinaonongeka pamene makina ankapsa. Akuti njira ina ndi kutsegula makatoni onse n'kulemba mwatsopano. Miyezi iwiri. Ine ndili ndi masiku anayi.

Ndayamba ndekha dzulo. Makatoni 130. Theka la zinthuzo ndikuzidziwa nkhope, koma za galimoto iti, kaya. Mabering'i onse amafanana, kusiyana ndi tsitsi limodzi. Zala zachekekachekeka.

Makaniko wa lamba uja wadutsa panja osasuzumira. Wanyamula pepala la sitolo ya kuseriko.

Wagalaja nayenso anabwera, ati kudzapepesa. Maso ali kumashelefu, milomo ikuwerenga.

Lachinayi, 13 Juni

Akazi awo a alamu atumiza uthenga, ati jekete ya bambo yopachika pamsomali muno amuna awo imawakwana. Atenge. Ndinaitsitsa kuti ndikhuthule matumba. Cholembera, mapiritsi awiri a mtima, chingwe cha nsapato, lisiti lopindapinda.

Lisitilo ndi la mwezi wa Epulo. Tsiku lili bwino, mwezi uli bwino. Chaka chimene pulinta inalemba ndi chokhwatchidwa, pamwamba pake chaka chenicheni ndi dzanja la bambo.

Ndinakhala pansi pasimenti.

Lisiti lililonse ankatero. Kung'amba, kukhwatcha, kulemba, kupereka. Zaka zonsezi ine kumaona ndili pamakwerero. Ndinkawaseka kuti kompyuta yanuyi yakalamba mpaka yaiwala chaka. Iwo amvekere, "Isiyeni mayi, muno tidakali achinyamata." Ine kumayesa ndi nthabwala chabe. Komatu m'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, ankalemba okha tsiku ndi zala ziwiri.

Ndachotsera zaka ziwirizo kumbuyo kwa katoni. Zaka 28. Ndafufuza malisiti ena mudirowa, a chaka chatha, a dzana lake. Onse 28.

Ndamuimbira Magalasi. Nditamuuza, ndinamva akudzimenya pamphumi.

Lachisanu, 14 Juni

Yatseguka.

Pulogalamuyi siidziwa zaka zathu zino. Amene anaipanga sankaganiza kuti dziko lifika kuno. Bambo ankaibweza m'mbuyo. Magalasi waseka koyamba, ati 28 sanangoitola: pakatha zaka 28 kalendala imabwerera ndendende, Lachisanu kukhala Lachisanu. "Amuna anu anali tambwali, mayi." Ndavomera.

Wakonza kuti izindifunsa tsiku ikamayaka, ngati kale. Mausi sagwira ntchito mmenemo, zonse ndi mabatani. Wamata kapepala m'mphepete: F2 kufufuza, F5 kugulitsa, F10 kutuluka. Pulinta yakale walumikiza ndi chingwe china, ikulira mokwiya ngati masiku onse.

Ndaphunzira tsiku lonse. Chala chimodzi. Girizi pa F2 tsopano, palibe wondikalipira.

Mu 1146 muli malamba. Shelefu yachinayi, pamwamba. Tsiku lija ndinawapitirira kawiri.

Palibe wofuula nambala, ndiye ndikumailemba pachikhatho ndisanakwere.

Loweruka, 15 Juni

Alamu afika eyiti koloko ndi wagalaja. Abwera ndi lole kale, taonani anthu. Jekete ija avala.

Anaika bering'i yakutha pakauntala. Ati ndipeze inzake.

Ndinayatsa laputopu. Kawindo kakuda. Buluu. Tsiku. Ndinalemba 15. Ndinalemba 06. Ndinachotsera 28 m'mutu, n'kulemba chaka.

Ndinachiona chitakhala pamenepo, zilembo zoyera. Loweruka.

Tsiku la ukwati wathu. Osati lokumbukira ayi, lenilenilo, ndi chaka chake chomwe. Ndinali nditaiwaliratu. Amene anayendetsa galimoto ya akwati tsiku limenelo ndi alamu omwewa, inatithimira panjira, bambo anatsika ndi suti kukakankha.

Alamu anakhosomola. Ati kodi yakananso.

Ndinadina. F2. Nambala ya pabering'i. Katoni 733, shelefu yachisanu ndi chiwiri, zatsala zinayi. Ndinakwera, ndinatsitsa, zinalimo zinayi. Anatchula china. Ndinapeza. China. Zisanu zonse. Chachisanu wagalaja anayamba kuseka, ati chimenechi wakhala akuchisaka mwezi wathunthu, ndimugulitse.

F5. Pulinta inalira. Ndinang'amba lisiti, ndinatenga cholembera cha bambo kuti ndikhwatche chaka. Dzanja linangoima. Ndinamupatsa choncho.

"Ife timangofuna kukuthandizani, mlamu." Anatero alamu ali pakhomo. Lole yabwerera yopanda kanthu. Makiyi ali m'thumba langa.

Ndatseka faifi koloko. Ndasesa.

Lolemba, 17 Juni

Dzulo sindinalembe. Sindinadzuke n'komwe. Aneba anagogoda kawiri, ati anamva phokoso, amayesa ndadwala. Mawu andithera ndi kulira. Akazi awo a alamu akanabwera dzulo akanakhuta.

Lero ndatsegula seveni koloko. Kapu ija ndaitsuka, ndamweramo ndekha. Makaniko wa lamba wabweranso, osatchula za tsiku lija, inenso osatchula.

Ndinayatsa. Inafunsa tsiku. 17, 06, kuchotsera 28.

Mmenemo takwatirana dzana. Tili m'kachipinda kalendi kaja, mpando umodzi, tikudyera mbale imodzi. Mwana sanabadwe. Mawa lidzakhala tsiku lachitatu, ndipo wolemba ndine. Mkuja ndinenso.

Ndakusowani, bambo. Mwandisiyira ntchito yanji imeneyi, yoti m'mawa uliwonse ndizinamiza makina kuti muno tidakali

Kwabwera munthu pakauntala. Ndipukute kumaso.