Kumene Amawerenga Nyenyezi Zobadwa Kumene

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja, kutupa kwaphwa? Ine ndili bwino. Ndingalekerenji, pamene akuluakulu a kuntchito kwathu alemba ndi zilembo zikuluzikulu pakhomo kuti pamalo pano mayi woyembekezera ndi wolemekezeka, ndipo sadzatsekeredwa chitseko? Mawuwo muwasunge, popeza ine mng'ono wanu ndili ndi pakati.

Paja munafunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji. Kuno amayeza kuti milalang'amba yakutali kwambiri ikubereka nyenyezi mofulumira bwanji. Nyenyezi zakhanda zimawala kwambiri, koma zambiri zimabisika m'fumbi, ndiye akatswiri amayezanso kutentha kwa fumbilo n'kuphatikiza. Langa gawo ndi kuyang'ana zithunzi zochokera ku makina oonera kutali, chimodzichimodzi, n'kupatula zowonongeka. Pena setilaiti yadutsa pakati n'kusiya mzere, pena milalang'amba iwiri yasanjikizana.

Chipinda chathu amachiziziritsa dala chifukwa cha makompyuta, choncho tonse timavala majekete aakulu ngati matumba. Langa linandisungira chinsinsi mpaka mimba itakula ndithu. Anthu otha kuona khanda la nyenyezi kuseri kwa fumbi sanaone langa lili pamphuno pawo. Zinaululika tsiku limene makina oziziritsa anafa, aliyense n'kuvula jekete. Mnzanga wa tebulo limodzi, amene timamutcha Wailesi chifukwa sazima, anakuwa kuti mlalang'amba wobereka taupeza pompano, makina oonera kutali aja akagulitsidwe. Onse anaseka kupatula bwana wa gawo lathu.

M'mawa mwake bwanayo anandiitana. Anandikokera mpando yekha, chinthu chimene sanachitepo. Anati akudera nkhawa thanzi langa, kuzizira si kwabwino kwa munthu wotere, bwanji ndikapume kunyumba, za kubwerera tidzaona. Tidzaona ameneyu ndikumudziwa. Ndi yemwe anauzidwa mayi amene ine ndinalowa m'malo mwake, ndipo mpaka lero akuonabe. Ndinayankha mwaulemu kuti maso anga alibe pakati, zithunzi ndikuziona bwinobwino, ndipo ndidzapuma ikakwana nthawi yanga, osati yawo.

Alamu anu akuti ndingogonja, tisalimbane ndi akuluakulu. Ndawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ngati n'kugonja agonje okha. Ntchitoyi sindinatole panjira. Ndinalemba mayeso n'kupambana, ndipo sinditaya chifukwa choti ndachita zimene milalang'amba yawoyo amaiyamikira nazo.

Pempho langa ndi limodzi. Nthawi yanga yochira ikayandikira, mubwere mudzakhale nane, kuti ndikangolimba ndidzabwerere mpando wanga usanazolowere munthu wina. Amayi muwauze za mdzukulu yekha. Zinazi asamve, angatume amalume kudzanditenga, ndipo ine sindisuntha.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, azakhali ndi ana onse. Wamkulu uja mumuuze kuti chithunzi cha mlalang'amba chimene anapempha mudzamutengera pobwerera.

Ndine wamakani wanu uja,
Mzime

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Masiku ano m'mawa ndimaima pansi pa zilembo zija kudikira Wailesi kuti ndilowe kumbuyo kwake. Khadi langa lolowera kuntchito linasiya kutsegula chitseko Lolemba.