Tochi ya Apongozi

Lolemba, 2 Juni

Kuzizira. Tsiku loyamba kwa Ba Sichone, shopu ya zitsulo kuseri kwa msika wa Chamboli. Zaka khumi ndi zinayi ukalaliki wa m'sitolo ya pamgodi, miyezi isanu ndi iwiri pakhomo, lero ovolosi yobwereka, yolekeza m'akakolo. Ondipezera malo ndi apongozi anga, Ba Kapembwa, odula zitsulo ndi tochi ya gasi pano. Ondiphunzitsa ndi iwo omwe.

Vuto ndi mwambo. Chikwatirireni mwana wawo sindinadye nawo mbale imodzi, sitigwirana chanza, sitiyang'anana m'maso. Ndiye iwo amalankhula ndi botolo la okosijeni. "Muwauze bashi Lombe kuti mafuta asayandikire kwa inu, angatiphulitse tonse." Botolo limamva, ine bambo wa Lombe ndimachita. Katebe, wowotcherera, anaseka mpaka kutsokomola. Akuti nkhoswe wathu ndi botolo.

Lachinayi, 5 Juni

Masiku atatu kuyatsa kokha. Gasi wa asetilini pang'ono, moto wachikasu wa mwaye, kenako okosijeni mpaka pakamwa pa tochi patsale kamoto kabuluu ngati njere ya mpunga. Ndinkayesa tochi imasungunula chitsulo. Ayi. Umatenthetsa m'mphepete mpaka pafiire, ukafinya chogwirira, mpweya umaotcha chitsulo chenichenicho ngati nkhuni. Sayansi ya kusekondale ndinakhoza bwino, koma sinanene kuti dzanja limanjenjemera.

Nthethe inalowa m'nsapato. Katebe akuti sanaonepo kalaliki wovina kalindula chotero.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndaona chimene aliyense pano akudziwa kale. Apongozi saona mzere wa choko pachitsulo. Ng'ala, maso onse awiri. Poyambira amapapasa ndi chala, tochi amaitsamiritsa ku chitsulo chowongoka, zotsalazo ndi khutu. Kudula kwabwino kumalira ngati nsalu ikung'ambika, nthethe zonse zimagwera pansi pa puleti ya chitsuloyo.

Masana Ba Sichone anandiitanira kuseri kwa galimoto yawo. Akuti mwezi watha madala anadula puleti yathunthu ya kasitomala mbali yolakwika ya mzere. Pa 27 ndiyesedwa: puleti ya mamilimita khumi ndi awiri, mzere wowongoka ndi bowo lozungulira. Ndikakhoza tochi ndi yanga, apongozi akapume. "Odula awiri shopu ino singawathe." Anati zikhale za awirife.

Bana Lombe, mkazi wanga, sindinawauze. Ndi bambo awo. Anafunsa za ntchito, ndinawaonetsa bowo la m'sokosi.

Lachisanu, 13 Juni

Dzanja lakhazikika, ine osalipempha. Chigongono pabondo, tochi kuikokera kwa iwe, kupuma pang'onopang'ono. Ndinadula pafupifupi theka la mita, nsalu ikung'ambika bwinobwino, mtima n'kukoma. Kenako ndinakumbukira za pa 27. Ndinathamangitsa dzanja dala, nthethe zinabwerera kumaso, kudula kunafera pomwepo.

Ndinapepesa kwa botolo.

Lachitatu, 18 Juni

Kuwononga mwadala tsiku lililonse. Nayonso ndi ntchito, imafuna luso lake. Katebe akuti makalaliki amabadwa ndi zala za bolopeni, ndibwerere ndikawerenge mabawuti. Ba Sichone amaima pa mulu wa zidutswa zanga, manja m'thumba. Gasi akutha msanga, ndikudziwa.

Masana apongozi amagula chinangwa chootcha ndi mtedza, gawo langa amalisiya pabenchi, iwo n'kukadyera kuseri kwa khoma. Ndimadya.

Mwana wathu Lombe nsapato zakusukulu zayasama. Ndamata ndi guluu wapano.

Lachisanu, 20 Juni

Andigwira.

Ndinali pakati pa mzere, ndikukonzekera kuthamangitsa, dzanja linagwira mkono wanga pamwamba pa gulovu. Lokhakhala, lolimba, losanjenjemera. Koyamba m'zaka khumi ndi zisanu. Katebe anazimitsa makina ake n'kutuluka panja ngati waona munthu akusamba.

Apongozi sanalankhule ndi botolo. Anati wophunzira amalakwitsa paliponse, koma ine ndimalakwitsa malo amodzimodzi, nditadula kale bwino zikhatho ziwiri. Akhala akumva chiyambire Lachisanu lapitalo. Za pa 27 akuzidziwa. Ndi iwo anapempha Ba Sichone kuti ayese ine, chifukwa Ba Sichonewo anali atalankhula kale ndi wodula wina wa ku Chingola.

"Bashi Lombe, mukalephera sindiye kuti ine nditsala. Tipita tonse awiri. Adzukulu anga adzadya chisoni chanucho?"

Mzere tinaumaliza, dzanja lawo pa langa. Wowongoka ngati wa lula. Atatha anapita kumpope, anakhalitsa. Ine maso pansi mpaka poweruka.

Lachisanu, 27 Juni

Ndakhoza. Chidutswa chinagwa chokha, osachimenya ndi hamala. Bowo linapendama pang'ono, loti makina opalira akonza. Mzere utazizira apongozi anayendetsa chala m'mphepete mwake, kupita ndi kubwerera, n'kuuza Ba Sichone kuti pamenepa palibe chopala.

Ba Sichone anaitanira apongozi muofesi. Mphindi khumi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akudula zitsulo, khumi ndi ziwiri mwa izo pano.

Atatuluka anafunsa ngati magalasi akuda amene amavala podula ndi a shopu kapena awo. Palibe ankakumbukira. Anawapachika pamsomali, anatsanzika Katebe, anatsanzika mlonda wapageti. Podutsa pomwe ndinaima anangowerama pang'ono, monga kale. Katebe sanaseke aliyense tsiku lonse.

Lolemba, 30 Juni

Wodula ndine. Mabulaketi a thanki tsiku lonse, palibe lobwezedwa. Magalasi akadali pamsomali. Ndavala anga obwereka.

Dzulo bana Lombe anapita ku Wusakile kukaona makolo. Amayi awo akuti Loweruka madala anadzuka m'mawa, anavala ovolosi, anafika pageti la pakhomo n'kuima pamenepo mpaka tiyi atazizira. Kuchipatala akuti dzina lawo lili pamndandanda wa opareshoni ya maso. Liti, sakudziwa.

Bana Lombe sanandikalipire. Anangofunsa kuti ndinadziwa liti kuti tochi ndi imodzi. Ndinati pa 20, tsiku lomwe bambo anandiuza okha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukaanula zovala.

Panali pa 10. Masiku khumi ndinkadya chinangwa chawo ndikudziwa. Ndiwauza mawa. Kapena ndidikire kaye bambo awo ayambenso kuona.