Tikulira Mayi Farida Mtalika, Amene Tinkawachitira Nsanje

Kuchokera ku Bungwe la Eni Zipatala Zolipira za Kumwera kwa Nyanja

Kwa Che Sefu Mtalika, amuna a malemu, kwa mwana wawo Dokotala Yasmin Mtalika, kwa abale onse a banja loferedwa, kwa ogwira ntchito pa Chipatala cha Mwawiwathu kwa Mponda, ndi kwa anthu onse a m'boma la Mangochi.

Ife a bungwe lino talandira modzidzimuka komanso ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Mayi Farida Mtalika, mwini wake ndi mkulu wa Chipatala cha Mwawiwathu, amene anatisiya Lachiwiri lapitali atadwala matenda a chiwindi, ndipo anaikidwa m'manda tsiku lomwelo monga mwa mwambo wa Chisilamu. Ambiri a ife uthengawu unatipeza tili pakati pa odwala, ena ku Namwera, ena ku Monkey Bay, ena m'tauni momwemuno, ndipo ngakhale tinkadziwa kuti mayiwa akudwala, mitima yathu inakana kuvomereza, pakuti miyezi yochepa yapitayo anali nafe pamsonkhano, akutitsutsa mwaulemu monga ankachitira nthawi zonse.

Ine amene ndikulemba mawu ano m'malo mwa anzanga ndine Fletcher Kambwiri, wapampando wa bungweli komanso mwini wa chipatala china ku Monkey Bay. Ndikudziwa kuti uthenga wa chipepeso umayenera kukhala wa mawu osalala okhaokha, koma malemuwa sankakonda kuyamikiridwa mwachiphamaso, ndipo tikawanamiza lero ndiye kuti sitinawadziwe. Choonadi n'chakuti ife eni zipatala anzawo tinkawachitira nsanje Mayi Mtalika, ndipo nsanjeyo sinaikidwe nawo m'manda. Ine ndiye ndinali nayo yoposa onse, chifukwa mayiwa anayambira ntchito m'manja mwanga.

Anabwera kuchipatala changa ali mtsikana wongomaliza kumene maphunziro a unamwino ndi uzamba. Atagwira nane zaka zingapo, anandipempha kuti ndiwamasule, nakachita lendi nyumba imene kale inali golosale kwa Mponda. Munali zipinda ziwiri, bedi limodzi lochirira amayi ndi benchi yobwereka kumadrasa. Ndinauza akazi anga kuti mvula isanathe adzabwera kudzapemphanso ntchito. Lero pamalo pomwepo pali wodi ya amayi oyembekezera, wodi ya ana, chipinda choyezera magazi, chipinda cha opaleshoni, ambulansi imene imafika mpaka kumadoko a asodzi, ndiponso nthambi ina ku Namwera. Ndinene pano, kuti mbiri ilembeke bwino, kuti makina ounikira m'mimba ndinayamba kugula ndine, ndipo nyumba yanga ndi yokongola kuposa yawo mpaka lero. Koma odwala ankadutsa pakhomo panga pa minibasi, ululu uli m'thupi, kupita kwa Mponda.

Ndinayamba kumvetsa chifukwa chake tsiku limene Mayi Rachael Phekani, namwino wanga wamkulu amene ndinkamudalira koposa, anabwera kudzanditsanzika kuti akupita ku Mwawiwathu. Ndinawafunsa kuti, "Kodi akulonjezani malipiro otani kumeneko? Nenani, ndiwonjezera."

Iwo anati, "Malipiro ake ndi omwewa, adokotala."

"Nanga mukutsatako chiyani, poti ngakhale nyumba ya antchito kulibe?"

Iwo anati, "Kumeneko munthu ukalakwa amakuitanira mu ofesi, n'kutseka chitseko."

Mayi Phekani ali ku Mwawiwathu mpaka lero, ndipo ndi iwo amene akuyang'anira anamwino onse. Pambuyo pawo panatsatira ena, ochokera kwa ine ndi kwa anzanga, ndipo sitinamvepo kuti wina wabwerako.

Zimene mayiwa ankachita sizinali zobisika. Ndondomeko ya masiku ogwira ntchito ankapanga antchito okha atakhala pansi, kotero kuti Lachisanu Akhristu ankagwira kuti anzawo apite kumapemphero a Juma, ndipo Lamulungu Asilamu ankabweza. M'mwezi wa Ramadhani osala kudya ankapatsidwa ntchito za m'mawa, dzuwa la Mangochi lisanayambe kuwotcha, ndipo pa Khirisimasi mayiwa ankavala okha yunifolomu n'kulowa muwodi. Masana ankadya pamodzi ndi okolopa ndi alonda, mbale zofanana, ndipo nkhani zimene ife timazimva zitaipa kale, iwo ankazimva pamenepo zikadali zazing'ono. A Jeremiya Sumani, amene lero akuyeza magazi pachipatalapo, analowa ntchito ngati wokolopa. Mayiwa ataona kuti bamboyu amakonda kusuzumira m'chipinda choyezera, anamutumiza kusukulu, osamusainitsa pangano lililonse loti adzabwerenso. Titawafunsa kuti bwanji ngati akaphunzira n'kuthawa, anayankha kuti, "Nanga akapanda kuphunzira n'kukhala, ndipindula chiyani?"

Pali nkhani ina imene inafala m'tauni muno. Namwino wina wachitsikana anasokoneza mankhwala a mwana wa msodzi wa ku Malembo. Atangozindikira, anathamanga yekha kukanena, ndipo mwanayo anathandizidwa msanga, nachira. Bambo a mwanayo atamva anabwera ndi abale awo, atalusa, kufuna kuti awaonetse namwinoyo. Mayi Mtalika anatuluka n'kuima pakhomo la wodi. Anati, "Bambo, amene mukumufuna ndine. Ndinamulemba ntchito ndine, ndinamuphunzitsa ndine, ndipo amene sanaikepo munthu wachiwiri woonetsetsa mankhwala ndine. Lankhulani ndi ine." Anakhala nawo pansi mpaka mkwiyo unatsika. Namwinoyo sanachotsedwe ntchito, ndipo kuyambira tsiku limenelo mankhwala a ana amaonedwa ndi anthu awiri. Chimene chinatipweteka ife n'chakuti msodzi yemweyo ndi amene anayamba kuuza anzake padoko kuti ku Mwawiwathu sabisa, ndipo asodzi a ku Malembo, amene kale anali anthu anga chifukwa ali pafupi ndi ine, anayamba kupita kwa Mponda.

Umu ndi mmene chipatala chawo chinakulira. Mayi akabwera kudzachira mwana wachitatu ankapeza mzamba yemwe uja anamuchiritsa mwana woyamba, womudziwa dzina, wodziwa kuti magazi ake amathamanga, wolankhula naye Chiyao ngati ndicho chimene amamasuka nacho. Kwa ife wodwala ankapeza nkhope yatsopano ulendo uliwonse, ndipo nthawi imene tikanathera pokulitsa ntchito tinkathera pofunafuna anthu ndi kuphunzitsa atsopano kumene kuli kiyi wa kabati ya mankhwala.

Zinthu zitafika povuta, mmodzi wa mamembala athu wa ku Namwera anabweretsa ganizo pamsonkhano wa bungwe lakuti pakhale lamulo loletsa chipatala kulemba munthu wochokera kwa membala mnzake. Sanatchule dzina, koma aliyense ankadziwa kumene mpeni ukuloza. Anati, "Tatopa kulimira ena. Timaphunzitsa ife, okolola ena." Ambiri tinawomba m'manja. Mayi Mtalika anadikira kuti phokoso lithe, anakonza mpango wawo, kenaka anati, "Abale anga, ine sindinapitepo pakhomo la munthu kukakopa namwino wake. Amabwera okha, ndipo ambiri ndimawabweza chifukwa malo alibe. Munthu si mbuzi yoti muimangirire pachikhomo. Mukafuna lamuloli likhazikitseni, koma amene akufuna kuchoka adzachokabe, adzapita ku Blantyre kapena kunja, ndipo Mangochi ndiye adzaluza. Bwerani mudzaone mmene timakhalira, palibe chimene ndibise." Ganizolo linagwa.

Tinapitadi kukaona, ndipo anatilandira ndi tiyi ndi zitumbuwa, natiyendetsa paliponse. Titabwerako tinakopera zimene maso athu anaona. Ena tinayamba kugulira antchito chakudya cha masana, ena tinapachika chithunzi cha wogwira ntchito bwino mwezi umenewo, ine ndinamanga ngakhale chipinda chopumuliramo chokhala ndi wailesi ya kanema. Anthu anadya, anaonera kanema, napitiriza kuchoka. Mpaka lero sitigwirizana pakati pathu kuti chimene tinalephera kukopera ndi chiyani, ndipo amene akanatiuza ndi amene tikumulirayu.

Madokotala a ku Blantyre atanena kuti matenda afika posachizika, abale anafuna kuti mayiwa akhalebe komweko, pachipatala chachikulu chokhala ndi zipangizo zonse. Iwo anakana. Che Sefu anatiuza kuti anati, "Ndiperekezeni kwathu. Anthu amene ndinawaphunzitsa kusamala odwala ali kwa Mponda." Anagona m'chipinda wamba cha chipatala chawo, akusambitsidwa ndi kutembenuzidwa ndi antchito awo omwe, amene ankachita kulimbirana mpata wowasamala. Nditapita kukawaona ndinapeza Mayi Phekani akuwamwetsa phala ndi supuni, a Jeremiya ataima pakhomo kubweza alendo ochuluka. Pobwerera ku Monkey Bay ndinayenda msewu wonse ndikudzifunsa kuti mwa ife eni zipatala, ndani angagone chigonere wopanda mphamvu m'manja mwa antchito ake, mtima uli m'malo. Anzanga ena nditawafunsa funso lomweli anangoseka.

Tsiku la maliro chipatala cha Mwawiwathu sichinatsekedwe. Anthu amene anaphunzira ntchito pamenepo n'kukakwatiwa kapena kusamukira kwina anabwera okha, navala yunifolomu, nagwira m'mawodi kuti anzawo akaperekeze mayi wawo. Amuna ogwira ntchito pachipatalapo, Asilamu ndi Akhristu omwe, analandirana jeneza, chithatha chonyamulira maliro, paphewa kuchokera kunyumba, ndipo msewu wa kwa Mponda unadzaza mpaka magalimoto anaima. Chipatala changa ndicho chinatsala pafupifupi chopanda anthu, chifukwa antchito anga, amene sanagwirepo ntchito kwa malemuwa ngakhale tsiku limodzi, anandipempha onse kuti apite kumaliro. Pobwerako ndinatenga mmodzi wa iwo, Mayi Keti Nkhwazi, pagalimoto yanga. Anali akulirabe, ndipo pofuna kuwatonthoza ndinati, "Sindinadziwe kuti munali pachibale."

Iwo anati, "Ayi, adokotala, sitinali pachibale. Malemuwa anandiuza kuti malo akapezeka chaka chamawa adzandiitana."

Anazindikira mochedwa kuti amene akumuuzayo ndi bwana wawo.

Tsopano tilankhule ndi inu, Dokotala Yasmin, amene banja lakusankhani kuti mupitirize ntchito ya mayi anu. Mwatsala ndi nyumba, makina ndi dzina labwino, koma zimenezo tonse tili nazo kapena tingathe kuzigula. Chuma chimene mayi anu akusiyirani ndi anthu aja ananyamula jeneza ndi aja anatsala m'mawodi, ndipo tingakhale onama ngati titakuuzani kuti sitikuwasirira. Tikuwafuna, aliyense wa ife akuwafuna, ndipo ena mwa mamembala athu anayamba kale kufunsa manambala a foni maliro asanathe, zimene bungwe lino lawadzudzula nazo. Mudzamva malangizo ambiri m'miyezi ikubwerayi, ena ochokera kwa ife amene, okuuzani kuti muchepetse apa, mukhwimitse apo, kuti mayi anu anali ofewa mtima mopitirira. Musanatsatire langizo lililonse, yang'anani kaye ngati wokulangizaniyo antchito ake amakhalitsa. Mukawasunga anthu amenewa monga anasungidwira, palibe wa ife adzathe kusuntha ngakhale mmodzi, ndipo tidzapitiriza kukuchitirani nsanje monga tinkachitira ndi mayi anu. Mukawataya, sadzagona ndi njala, chifukwa tidzawatola tsiku lomwelo, koma boma lino lidzakhala litataya chipatala chokhacho chimene tonse tinkadziyezera. Ngakhale zikutiwawa kunena, tikupempha kuti mutisiye ndi nsanje yathuyi.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, a ku Namwera, a kwa Mponda, a ku Monkey Bay ndi a m'mbali monse mwa nyanja, pamodzi ndi mabanja athu ndi antchito athu, tikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Che Sefu, amene mwataya mnzanu wa moyo wonse, kwa ana ndi adzukulu, kwa abale, ndi kwa onse ogwira ntchito ku Mwawiwathu, amene mwaferedwa kholo. Mulungu Wamphamvuzonse, amene kwa Iye tonse tinachokera ndipo kwa Iye tidzabwerera, awakhululukire malemuwa zolakwa zawo, awakulitsire manda awo, ndipo inu otsala akupatseni mphamvu ndi kupirira pa masiku ovutawa.

Ndine wanu m'chisoni,

Fletcher Kambwiri
Wapampando, Bungwe la Eni Zipatala Zolipira za Kumwera kwa Nyanja