Dimba Lanu Tamusiyira Nambewe

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo, tikukankha. Ndatenga nthawi osakulemberani, ndipo ndikudziwa kale zomwe mukananena, zoti Enelesi akakhala chete ndiye kuti waswa mbale. Ulendo uno sindinaswe kanthu, koma pali chomwe ndachita ndi dimba lanu, ndipo ndikufuna muchimve kwa ine mwini wake, osati kwa ena amene angakupezeni kumeneko ine ndisanafike.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Aginesi anachira bwinobwino pa chipatala cha pa Mitundu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga mphuno yanu ndi ukali wanu womwe, akafuna bere sapempha kawiri. Chimanga chaka chino sichinachite bwino kwenikweni poti feteleza anatithawa mtengo, koma mtedza ndi soya zatipukuta misozi. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri. Khalidwe lake lolowa m'minda ya eni silinasinthe, ndipo anawo yayamba kale kuwaphunzitsa.

Za Gelesomu sindingakuuzeni ngati nkhani yachilendo, poti mwana wanu muli naye komweko. Sanadwale nthawi yaitali. Anatisiya mu Febuluwale, chimanga chitangomasula ngaiyaye, fodya atangoyamba kumuthyola. Ine mlongo wake mpaka lero ndikamva belu la njinga kuseri kwa nyumba ndimatukula mutu. Mumuuze kuti mkazi wake Nambewe ali bwino pamodzi ndi ana onse atatu, ndipo wamng'ono uja wayamba kuyenda, akugwira chilichonse chomwe chili pafupi.

Mukukumbukira gulu la amayi lija munkandiseka nalo? Ndikamanga mpango kuti ndizipita munkati, "Pita, koma misonkhano siphika ndiwo." Amayi, gulu lija lakula. Tinagwirizana ndi anzathu a ku Nathenje, mwezi uno timakumana kwathu, mwezi winawo ife timakwera kabaza kupita kwawo, n'kukafika fumbi lili m'nsidze ngati tachokera kuchigayo. Wapampando wathu ndi mayi Sauda, amene amagulitsa nsalu pa Nathenje. Iwo ndi Asilamu, ambirife ndi a mpingo, ndiye potsegula amapemphera wina, potseka wina, palibe amene anadandaulapo.

Ntchito ndiye tikuigwira. Tabweza kusukulu atsikana angapo amene makolo anali atawalandirira kale amuna. Mwana wa a Nangozo uja anatenga mimba ali Sitandade 8, pano ali ku sekondale, khanda akulera agogo ake. Mayi akamenyedwa timamuperekeza ku polisi, chifukwa akapita yekha amabwerera pa njira. Tsiku la msika timachita masewero. Ine ndimavala jekete n'kukhala bambo amene wagulitsa fodya n'kusowa m'tauni, kubwera chimanjamanja ndi wailesi yokha paphewa, pomwe wothirira nazale ndi wosoka fodyayo anali mkazi. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, koma abambo ena amaseka akuyang'ana pansi. Atipatsa dzina loti apolisi a zitenje. Ife dzinalo tinalilandira ndi manja awiri.

Pa nkhani ya amayi amasiye ndiye wokuwa kwambiri ndinali ine. Ndalowa m'midzi yambiri kukauza anthu kuti kusudzula mkazi sikutanthauza kumulanda nyumba ndi munda. Pakamwa panga pamayenda bwino nkhani ikakhala ya eni. Sindinkadziwa kuti tsiku lina idzandipeza pakhomo.

Maliro a Gelesomu asanazizire n'komwe, alongo anu a Lufeyo, atsibweni athu, anatiitana ine ndi Aginesi. Anati, "Mtengwa uja timusudzule msanga, fodya asanathe kulowa m'chigafa. Ana ndi a kwawo ku Nathenje, si mtundu wathu. Munda ndi dimba ndi za mbumba. Ine sindikufunapo kanthu, ndikutetezera inu."

Pa mwambo sananame. Gelesomu anamutenga Nambewe chitengwa, ndipo dimba munamupatsa Gelesomuyo ndinu miyendo itayamba kukuvutani. Mwamuna wapita, ndiye mkazi abwerere kwawo, nthaka itsale kwa ana aakazi a pamudzi. Koma kwawo kwake kuti, amayi? Kagawo kamene Nambewe akanalima ku Nathenje abale ake anagawana kalekale, kwina anagulitsa kwa anthu a m'tauni, pano kuli mpanda wa njerwa. Akanapita ndi ana atatu kukagona m'khitchini mwa mkulu wake, n'kusiya fodya amene anamuthirira yekha ndi khanda kumsana.

Apa ndisakubisireni, mtima wanga unagawikana. Dimba lija mukulidziwa, madzi saphwa ngakhale mu Okutobala, nzimbe zanu zija zikadalipo. Mwana wanga Tadala anamaliza Fomu 4 ndipo akungokhala. Ndinayamba kumuona m'maganizo akukweza madengu a tomato pa minibasi ya ku Lilongwe. Atsibweni ndinawayankha kuti ndamva, basi. Nambewe ndikakumana naye pa mjigo ndinkafulumira kusenza ndowa isanadzaze. Iye sanandifunse kanthu, ankangondipatsa moni mwaulemu ngati kale, ndipo moni ameneyo ndi amene ankandilasa.

Pa msonkhano wotsatira mayi Sauda sanandidzudzule pagulu. Anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mayi Enelesi, za alamu anu tamva. Tibwere, kapena muthana nazo nokha?" Ndinachita manyazi kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ine amene ndimaloza zala m'midzi ya eni!

Pobwerera pa kabaza ndinakumbuka inu. Ndinakumbuka tsiku lomwe tinachoka kwawo kwa abambo kufupi ndi ku Nkhoma, iwo atamwalira. Inu munasenza mphasa ndi miphika, Aginesi ali kumsana, ine ndi Gelesomu tikutsatira pambuyo. Tinadutsa m'mphepete mwa munda womwe munalima nokha, chimanga chili chiwisi, ndipo Gelesomu atafuna kuthyola chimodzi munamumenya dzanja. Nkhani imeneyo simunaikambepo mpaka tinakula. Tikakufunsani munkangoti, "Kwa eni kulibe mkuwe," n'kutituma madzi. Inu munali ndi kobwerera, agogo anakusungirani dimba. Nambewe alibe. Ndinatsika pa kabaza n'kuwaimbira foni mayi Sauda kuti abwere.

Gulu lathu lili ndi kachitidwe kake. Sitiyamba ndi pakamwa, timayamba ndi manja. Anabwera amayi a ku Nathenje ndi a kuno komwe, m'mawa mame asanaume, n'kulowa m'munda mwa Nambewe. Ena kuthyola fodya, ena kututa, ena kukhala pansi pa chigafa n'kumasoka, nyimbo ili pakamwa. Nambewe tinamuika patsogolo kuti azitiuza poyambira ndi popachika, mudzi wonse uone kuti mwini ntchito ndi ndani. Poyamba ankalankhula chonong'ona, koma dzuwa lisanafike pamutu anali akukalipira mayi Sauda kuti akusoka mothinana. Atsibweni anadutsa pa njinga, n'kudutsanso, osatsika.

Tsiku losudzula tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanu. A kwawo kwa Nambewe anabwera kudzamulandira, nkhope zili zolemera, poti ankadziwa kuti alibe pomuika. Iye anali atamanga kale katundu wake m'zitenje, atamuunjika pakhonde. Amayi a gulu anakhala chapatali osalankhula, chifukwa nkhani inali ya banja. Atsibweni anayankhula bwino, inu mukuwadziwa pakamwa pawo. Anathokoza Nambewe posamala Gelesomu pa matenda, n'kumaliza kuti, "Mwana wanu tamumasula. Atenge ziwiya zake ndi ana, apite mu mtendere."

Ndinasendera kutsogolo n'kugwada, monga munandiphunzitsira. Ndinati, "Atsibweni, pepani, ndifunse nawo. Mwati munda ndi dimba ndi za yani?"

Anati, "Za mbumba."

"Nanga mbumba yake ndi iti?"

"Ukufunsa zodziwa kale. Ndi iweyo ndi Aginesi."

Ndinati, "Ndiye eni akewo tikuti Nambewe alime. Kumasula mumumasule ndithu, akadzafuna banja lina ndi zake. Koma nyumba anaumba njerwa ndi iyeyo, fodya ndi wake, dimba lidyetse ana a Gelesomu. Ife sitinadandaule kwa aliyense kuti tikusowa polima."

Kunena zoona, za Aginesi sindinali wotsimikiza. Tinakambirana, koma mukumudziwa mwana wanu, amavomera aliyense amene walankhula naye pomaliza. Anthu onse anatembenukira kwa iye. Anachotsa mwana kubere, n'kukonza chitenje, n'kunena mokweza kuti, "Zomwe anena achemwali ndi zomwezo. Alamu sapita." Amayi, ndinamunyadira mwana ameneyu kuposa tsiku la ukwati wake.

Atsibweni anasowa pogwira. Munthu ungamenyere bwanji nkhondo mbumba imene ikuti sikufuna nkhondo? Anaimirira, n'kukutumula fumbi pa thalauza, n'kunena kuti, "Gulu lakuonongani mitu. Mayi anu akanakhala moyo sakanalola nthaka ya makolo ipite kwa obwera." Atatero anakankha njinga n'kumapita. Apo m'pamene mayi Sauda anasendera pafupi n'kuuza abale a Nambewe kuti ngakhale lamulo la boma limaima ndi mayi wamasiye ndi ana ake, koma n'zokoma kuti banja lathana nazo lokha. Nambewe anadzuka. Anapita pakhonde, n'kumasula mfundo za katundu uja imodziimodzi, misozi ikugwera pa mbale. Mwana wake wamkulu anatenga mphasa n'kuibwezera m'nyumba mothamanga, ngati kuti wina asintha maganizo.

Mawu a atsibweni aja anandikhala pamtima, n'chifukwa chake ndakulemberani. Iwo akuti simukanalola. Ine ndikuti iwo sanaliwone dzanja lanu likumenya la Gelesomu m'mphepete mwa munda uja, ine ndinaliwona, ndipo ndinawonanso nkhope yanu. Ngati ndalakwa mudzandikalipira ndikadzafika, khutu langa munalizolowera kale. Koma sindikuchita manyazi, amayi. Ndikuyenda mutu uli m'mwamba.

Sikuti zonse zili myaa. Atsibweni sandiyankha moni, ndikawapatsa amayang'ana mbuzi. Tadala anafufuma masaya, akuti ndimakonda ana a eni kuposa wanga, ndipo mpaka lero amadya msangamsanga n'kuchoka. Zimandipweteka, koma adzamvetsa akadzakhala ndi mwana wamkazi. Nambewe fodya anagulitsa yekha, ana onse ali ndi yunifolomu, ndipo dimba lili bii ndi mpiru ndi tomato. Walowa gulu. Pa sewero lathu iye ndi amene amakhala mkazi wanga, ndipo amandikalipira mochita kuonjeza.

Koma chomwe chandigwira mtima kwambiri chachitika sabata yathayi. Ndinali pakhonde masana ndikuswa mtedza, ndinangoona a Nankhoma, akazi awo a atsibweni, akubwera ndi ndodo yawo. Ndinati lero ndiye andibweretsera mawu. Anakhala pansi, n'kukokera lichero kwa iwo, n'kuyamba kuswa nawo. Tinakamba za mvula, za mwendo wawo, za chifuwa cha atsibweni chomwe sichikumva mankhwala masiku ano. Kenaka anaika mtedza pansi n'kunena kuti, "Make Tadala, ine kuno ndinabwera ndili mtsikana, mano onse ali m'kamwa. Atsibweni akowa akadzatsogola, ine mudzandiperekeza kuti? Kwathu ondidziwa onse ali kumanda."

Mayi amene anandilandira ine pobadwa Tadala, amene anakusambitsani inu pa ulendo wanu womaliza, sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti nawonso ndi mtengwa. Tsiku lija pansi pa mango anali pomwepo, akutunga thobwa n'kumapatsa alendo, akumva amuna awo akunena za obwera. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti sapita kulikonse. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kufunsa ngati gulu lathu limalandira nkhalamba zosatha kukwera kabaza. Ndinati mwezi wamawa tikumana konkuno, ndidzawatenga ndine.

Ndiye ndikulonjezani, amayi, monga ndawalonjezera iwo. Ine ndikadali ndi mpweya, palibe mkazi amene adzatuluke m'mudzi muno ndi mphasa pamutu chifukwa choti mwamuna wake wamwalira. Ngakhale akazi a munthu amene sandiyankha moni.

Mupatseni moni Gelesomu. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Enelesi