Achemwali Akana Kutseka Fesibuku Yanga

Lolemba, 5 Okotobala 2009

Ndikadali kuno ku Kaduya kwa achemwali anga, a Ida. Adokotala ku Blantyre sanabise: khansa yomwe anandichotsera bere ija yafika kuchiwindi, ndingobwera kumudzi ndizimwa oletsa ululu. Kusukulu komwe ndimaphunzitsa akudziwa ndi ahedi okha. Anzanga onse ndinawauza kuti ndili patchuthi.

Netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinakwera ndi ndodo. Pa Fesibuku anthu akufunira Julius tsiku lobadwa labwino. Julius wa kukoleji uja, amene tinamuika m'manda mu Epulo. Wina walemba, "Bwana mwasowatu, tionane pa Khirisimasi." Tsamba langanso lidzatsala chonchi?

Lachitatu, 7 Okotobala

Ndasanza tsiku lonse. Andisambitsa achemwali. Maso ndinangoloza kudenga.

Lachinayi, 8 Okotobala

Ndawapempha kuti ndikadzapita adzatseke tsamba langa. Anali kupeta nandolo. Lichero linaima.

"Kupita kuti?"

"Achemwali, mukudziwa."

Anasamba m'manja n'kunditsata pachulu. Ndawaonetsa polemba pasiwedi ndi potseka. Chala chawo chimadina mabatani awiri nthawi imodzi, ine n'kuwakalipira ngati mwana wa folomu wani. Munthu amene amanditayira zosanza. Anangoti, "Bwereza, ndigwira."

Kenaka anaona chithunzi changa chija cha paukwati wa mnzathu Eric, masaya ali tofu, tsitsi lofika m'mapewa. Pansi pake Rejoice, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi kukoleji, walemba kangapo: "Belita uli kuti? Foni sukuyankha. Ndakulakwira?" Anandiuza ndiwawerengere. Ndinawerenga chamumtima kaye, kenaka mokweza.

Loweruka, 10 Okotobala

Akana. Akuti kutseka adzatseka, koma osati anthu asanauzidwe.

"Ukufuna Rejoice uja, mwana wa eni ake, adzamve kwa ine, iwe uli m'dothi? Ine ndidzamuuza kuti chiyani, kuti unkamuthawa? Kudwala si kuba, Belita."

Ndinawayankha kuti za pafoni sakuzidziwa. Anatola khasu n'kupita kudimba. Sindinadye. Chomwe ndikuopa n'chakuti Rejoice adzandione chonchi, mbali imodzi yaphwa, mutu mbee, kafungo komwe sopo sakuchotsa. Ndikufuna azindikumbukira ngati wa pachithunzi uja. Koma wa pachithunziyo ndi amene akumusiya mnzake akudzifunsa chomwe analakwa.

Lamulungu, 11 Okotobala

Onse apita kutchalitchi. Ndakwera pachulu ndekha, kupumira panjira. Ndalemba, kufufuta, kulembanso. Chomwe chapita ndi ichi: "Anzanga, sindili patchuthi. Ndili ndi khansa, adokotala ati siichizika. Ndili kwathu ku Phalombe. Pepani ndinakhala chete."

Nditatumiza ndinazimitsa foni n'kuiika pansi pa pilo ngati yotentha.

Lolemba, 12 Okotobala

Ndayatsa. Mauthenga mbwee. Mapemphero, mavesi, wina akuti amalume ake ali ndi mankhwala a zitsamba. Mwana wina amene ndinamuphunzitsa wakumbutsa tsiku lomwe ndinagwa ndi mpando m'kalasi n'kupitiriza kuphunzitsa ndili pansi. Ndaseka mpaka pachilonda kupweteka. Achemwali ati ndiwawerengere onse, ena kawiri.

Ndachotsa tsiku langa lobadwa patsambapo. Tagwirizana kuti asadzalitseke msanga. Adzalembe za maliro m'Chichewa chawo chomwecho, alisiye mpaka chaka chithe, kenaka atseke. Pasiwedi ayiloweza, akumayitchula akutsuka mbale.

Rejoice yekha sanalembe kanthu. Ndi bwino, ndinadziitanira ndekha.

Lachitatu, 14 Okotobala

Chakumasana ndinamva belu la njinga ya kabaza, kenaka mawu ofunsa ngati pano ndi pa a Kaliati. Ndinawadziwa mawuwo. Ndinathawira kuchipinda n'kudzifunditsa chitenje kumutu, munthu wamkulu ine.

Achemwali anasuzumira. "Mlendo wako."

"Muwauze ndagona."

Ndinamumva Rejoice pakhonde: "Musamudzutse, ndidikira. Ndabwera ndi zovala zosinthira."

Anakhaladi. Ndimamumva akuthandiza kusenda chinangwa, akufunsa zomwe ndimatha kudya, akulakwitsa moni wa Chilomwe achemwali akumuseka. Za ine sanadandaule ngakhale kamodzi. Chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri.

Ndinatuluka nditagwira khoma. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso osathawitsa.

"Wachepa," anatero.

"Ndachepa."

"Ndakwiya nawe kwambiri. Koma tikambirana ukadya."

Anasendera pamkeka kundisiyira malo. Miyendo inakana kupinda, ndiye anaimirira n'kundigwira m'khwapa, mbali yodulidwa yomweyo, n'kunditsitsa pang'onopang'ono. Sindinamuchotse dzanja.